Palibe Amene Analamula

Nduna yaikulu ya dziko la Japan itawerama pamaso pa atolankhani, ine ndinaomba m'manja ndekhandekha mu ofesi muja.

"A Consolata, tabwerani mudzaone. Munthu watula pansi udindo yekha. Palibe utsi wokhetsa misozi, palibe woponya mwala, palibe wothamangira kukhoti. Wangoti anthu asiya kundikhulupirira, pepani, basi n'kunyamula mapepala ake."

A Consolata, mayi wa Chikenya amene ankayendetsa za tsiku ndi tsiku mu ofesi yathu ya ku Westlands ku Nairobi, sanatembenuke n'komwe. Ankathirira timaluwa tawo ta pawindo.

"Sasa iwe ukusangalalira chiyani? Ndi amalume ako?"

"Ndikusangalalira ulemu. Kwathu munthu akakhala pampando amamera mizu. Kwanu kuno ndiye tisanene."

"Kwathu ukusiye. Chapati chimene chakunenepetsa masayawo ndi cha kwathu."

Kumbuyo kwanga kunali kutaima a Kurokawa, mkulu wa ofesi, bambo wa Chijapani wamfupi wa imvi, kapu ya tiyi ili m'manja. Sindinawamve akubwera.

"Chiku-san, tsitsani mawu pang'ono," anatero.

Iwo sanaombe m'manja. Anayang'anitsitsa kompyuta yanga mpaka nduna ija inatulukira pakhomo la m'mbali, kenako anakakhala patebulo lawo. Tiyi uja anazizirira m'kapu momwemo.

Ine Chijapani sindinachiphunzire m'kalasi. Ndinakulira ku Migowi, ku Phalombe. Fomu 4 ndinakhoza bwino, koma mayina a opita ku yunivesite atatuluka langa munalibe, ndipo panalibe munthu woti ndikamufunse chifukwa chake. Aliyense ankangoti zachokera kumtunda. Ndinapsa mtima chaka chathunthu. Mkwiyo umenewo ndinauthira m'mabuku awiri amene mphunzitsi wina wa Chijapani anawasiya pasukulu pathu pobwerera kwawo, kenako ndinauthira mu foni, mpaka ndinayamba kulota m'chilankhulo cha eni. Pofuna kuti lilime lisachite dzimbiri ndinkawerenga nkhani za ndale za kumeneko tsiku lililonse. Ndinkadziwa kuti nduna yaikulu sisankhidwa ndi anthu onse monga timachitira ndi pulezidenti kwathu. Amaisankha ndi aphungu, ndipo chipani chikaona kuti yayamba kulemera pamsana chimaitula. Ndinkadziwa kuti zina zinakhala pampando chaka chimodzi chokha. Ndinkadziwanso kuti m'zaka zapitazi mphamvu zambiri zasonkhana mu ofesi ya nduna yaikuluyo, moti akuluakulu a m'maunduna amayamba ayang'ana kumeneko asanatsokomole. Zonsezi ndinkazikamba pa nthawi ya tiyi, kaya wina wafunsa kaya sanafunse. Kwa ine Japan linali dziko limene wolakwa amaoneka nkhope, n'kuyankha.

Bungwe lathu, la Mizube, silinali la boma. Analikhazikitsa ndi makampani angapo opanga zipangizo za m'chipatala. Linkatenga achinyamata a ku Malawi, Kenya ndi Uganda, kuwaphunzitsa chilankhulo kuno ku Nairobi kwa miyezi ingapo, kenako n'kuwatumiza ku Japan kukaphunzira kukonza makina a m'chipatala, makamaka othandiza odwala kupuma. Pulogalamuyo anaitcha Mlatho wa Anthu, mawu amene nduna yochokayo inkakonda kutchula ikamakamba za Africa. Akuluakulu a bungwe anaona kuti dzina limenelo lizitsegula makomo lokha.

Chaka chimenecho ophunzira analipo asanu ndi atatu, ndipo mmodzi anali Immaculata, msuweni wanga, mwana wa amalume. Ankagwira ntchito yokonza zamagetsi pachipatala china cha boma kwathu. Mayeso olowera analemba yekha ku Blantyre ine kulibe, n'kukhala woyamba. Koma kuti abwere anayenera kusiya ntchito, ndipo amalume anakana.

"Ntchito ya boma savula ngati malaya," anatero pafoni.

Ine ndinawayankha ndi mtima wonse. "Amalume, Mjapani akati mawa, ndi mawa."

Nduna yatsopano itayamba ntchito panapita milungu ingapo kuli zii. Tsiku lina masana a Kurokawa anandiitanira pamwamba pa nyumba, pamene ankasutira fodya. Pansi pathu maminibasi, amene kuno amati matatu, ankalimbirana njira pa Waiyaki Way, makondakitala akumenya zitseko.

"Ulendo wa ophunzira waima kaye," anatero. "Ku likulu lathu ku Japan akuti akuiunikanso pulogalamu."

"Mpaka liti?"

"Sananene."

Ndinali nditamasulira makalata a ku likulu okwanira kudziwa kuti chimene akuchiunikanso sichidzukanso.

"Walamula ndani? Nduna yatsopanoyo?"

"Nduna yaikulu sidziwa n'komwe kuti padziko pali bungwe lotchedwa Mizube."

"Ndiye unduna wina?"

"Ayi."

"Wapampando wathu?"

"Wapampando sananene kanthu."

"A Kurokawa, chinthu sichiima chokha. Ngakhale matatu awo amaima chifukwa wina wamenya denga."

Anamwetulira pang'ono, n'kugwedeza phulusa la ndudu. Anandifotokozera mofatsa, ngati akuwerengera mwana malangizo a mankhwala. Nduna yatsopano inachokera ku gulu la m'chipani limene silinkamwerana madzi ndi gulu la nduna yakale. M'mawu ake oyamba ku nyumba ya malamulo sinatchule mlatho uliwonse. Akuluakulu a makampani otithandiza, amene amachita malonda ndi boma, anaziona zimenezo. Akuluakulu a bungwe lathu anaona kuti a makampani aziona. Palibe anaimbira mnzake foni. Tsiku la msonkhano litafika, aliyense analowa akudziwa kale chimene anzake akuganiza kuti wamkulu angakonde.

"Ife timati sontaku," anatero. "Kuwerenga mtima wa wamkulu iye asanatsegule pakamwa."

"Nanga mukauwerenga molakwa?"

"Palibe angadziwe. Wamkuluyo sanafunsidwe."

"Ndiye utsogoleri wake ndi umenewo? Munthu kulamulira ndi zimene sananene?"

"Ndili mnyamata, nduna yaikulu inali ngati mlendo m'nyumba. Ogwira ntchito m'boma ankangodikira kuti ipite kubwere ina. Masiku ano ikangocheukira kumanzere, anthu chikwi amayamba kusamutsa mipando. Tinkadandaula kuti atsogoleri athu alibe mphamvu. Tinawapatsa." Anazimitsa ndudu pakhoma. "Koma mvetserani, Chiku-san. Mtengo waukulu sauzula tsiku limodzi. Umayamba wakumba mozungulira mizu, pang'onopang'ono, mtengo usadziwe kuti ukusamuka. Ine ndayamba kukumba."

Anali atalankhula ndi akuluakulu atatu a ku likulu, aliyense payekha. Kampani ina inavomera kulandira ophunzira mwakachetechete, ngati alendo ake, popanda dzina la Mlatho. A Shimada, wachiwiri kwa wapampando, ankabwera ku Nairobi mwezi wotsatira, ndipo akangogwedeza mutu pa chakudya chamadzulo, nkhani yatha.

"Onse asanu ndi atatu?" ndinafunsa.

"Awiri."

"Enawo?"

"Enawo tidzawauza pang'onopang'ono, ulendo ukamachedwa. Ena adzatopa okha." Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Immaculata-san ndi woyamba pamayeso. Ali m'gulu la awiriwo. Chimene ndikupempha kwa inu n'chimodzi. A Shimada akamadzalankhula ndi ophunzira, mudzamasulire zokhazo zimene zanenedwa. Musadzafunse kanthu. Nkhani ikatchulidwa pagulu adzayenera kuiyankha pagulu, ndipo pagulu yankho lake ndi limodzi lokha."

Loweruka ndinakumana ndi Immaculata m'kanyumba kena ka tiyi kufupi ndi msewu wa Tom Mboya. Kunkagwa mvula yowaza, anthu akupanikizana m'makhonde. Iye anafika atanyowa phewa limodzi, buku la Chijapani ataliphimba ndi chitenje kuti lisanyowe ilo.

"Mwamuna wanga wosauka," anatero akukhala pansi, mwa chisuweni chathu chija. "Wandiitanira mandazi awiri okha? Ndidzakusiya ine, ndikakwatiwe ndi Mjapani wa fakitale."

"Mjapani wake angakupirire ndani, pakamwa ngati wailesi."

Anaseka, n'kuviika mandazi mu chai. Ndinamuuza zonse. Sindinabise za awiri aja, kapena za asanu ndi mmodzi otsalawo. Anasiya kutafuna.

"Ndiye ine ndikupita," anatero pomaliza.

"Ukupita. Kevin sakupita."

Kevin anali mnyamata wa ku Kisumu amene ankakhala naye benchi imodzi m'kalasi. Nayenso anasiya ntchito, mkazi wake ali woyembekezera.

"Kevin ndi m'bale wako?"

"Si m'bale wanga. Koma akumusunga ngati nkhuku yoti aiphe pa Khirisimasi, akuiponyera chimanga. Munthu akugula majekete a chisanu ku msika wa Gikomba, Imma. Dzulo amandionetsa."

"Ndamuona. Ndinamuthandiza kusankha ndine." Anapukuta zala pa chitenje. "Chiku, tamvera. Kuchipatala kwathu kuli chipinda chimene timaunjikamo makina akufa. Ena anangofa kawaya kamodzi, koma palibe anatiphunzitsa kuwatsegula. Ana atatu amagawana makina amodzi, mpweya kuchita kupatsirana ngati ndiwo. Ine ndikapita n'kubwerako, chipinda chimenecho nditsegula. Ukalankhula iwe, sapita Kevin, sindipita ine. Wapindula ndani?"

"Akhala atauzidwa zoona."

"Zoona amadyera nsima?"

"Ine sanandiike pamndandanda wa ku yunivesite, popanda wondiuza chifukwa. Ukudziwa mmene zimawawira kudikira chinthu chimene ena akudziwa kale kuti sichibwera?"

"Ayi, sindikudziwa, ine ndinabadwira ku Ulaya." Anandiyang'ana mokwiya. "Iwe vuto lako mtima wapachala. Kuyambira uli mwana. Unamenyana ndi woimbira mpira ku Migowi chifukwa cha timu imene sinali yako n'komwe."

"Chinali chigoli chabwinobwino chija."

"Chiku." Anatsitsa mawu. "Bambo anga unawauza chiyani? Unati mawa ndi mawa. Ine ntchito ndinasiya chifukwa cha pakamwa pakopo. Malo anga analowapo kale munthu wina. Chilungamo chakocho ukachichitire pa ntchito yako, osati pa yanga."

Ndinakankhira kapu yanga pambali.

"Lonjeza."

"Ndamva."

"Sindinati umve. Ndati lonjeza."

Kondakitala wina panja ankakuwa za Ngara, kumene kunali hositelo ya ophunzira, ndipo Immaculata anayenera kuthamangira matatu. Ananyamuka ndisanalonjeze, koma pakhomo anatembenuka, n'kundiloza ndi buku lija.

A Shimada anafikira ku nyumba ina ya alendo ku Karen, ya kapinga wometedwa bwino ndi mitengo ya jakaranda. Msonkhano unachitikira pakhonde lalikulu, dzuwa likuwala. Anali munthu wamtali, waulemu kwambiri, wolankhula motsitsa ngati m'tchalitchi. Ophunzira anavala zovala zawo zabwino. Aliyense anaimirira n'kudzitchula dzina m'Chijapani, kumene achokera, ndi makina amene akufuna kukaphunzira. Immaculata sanaphonye liwu ngakhale limodzi. A Shimada anagwedeza mutu, n'kuyang'ana a Kurokawa mwachidule, ndipo ndinadziwa kuti mizu ija yakumbidwa bwino.

Ine ndinaima pambali pawo, kumasulira. Analankhula za ubale wa maiko athu. Analankhula za kupirira. Anati achinyamata ngati amenewa ndiwo tsogolo. Mawu onsewo ankadutsa pakamwa panga, n'kutuluka m'Chingerezi ali osalala, ndipo ndinkadzimva ngati paipi ya madzi.

Atamaliza, Kevin anakweza dzanja. A Kurokawa anayang'ana pansi.

"Bwana, tikuthokoza kwambiri. Ndimangofuna kudziwa tsiku lonyamuka, kuti ndikonzekere kunyumba. Mkazi wanga akuyembekezera, ndiye ndikufuna ndimusiye kwa amayi anga ndisanapite."

Ndinamasulira. A Shimada anapumira m'mano, mutu utapendekeka.

"Nkhani imeneyi tikuiganizira mofatsa, ndi mtima woyang'ana kutsogolo," anatero.

Ndinamasulira ndendende mmene ananenera. Kevin anamwetulira mano onse. "Asante sana," anatero, n'kutembenukira mnzake wa ku Uganda. "Wamva? Kutsogolo." Anagwirana chanza pansi pa tebulo.

Chanza chimenecho ndicho chinandithyola. Immaculata ankandiyang'ana, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono kukana. Ndinamuona bwinobwino. Sindinganame kuti sindinamuone.

"Kevin," ndinatero m'Chingerezi, "mawu amenewo ndawamasulira bwino, koma tanthauzo lake kwawoko ndi lakuti ayi. Ulendo kulibe. Mkazi wako usamusamutse."

Ndinatembenukira a Shimada, n'kulankhula m'Chijapani chaulemu kwambiri chimene ndinkachidziwa.

"Pepani kwambiri, bwana. Anthu awa anasiya ntchito zawo chifukwa bungwe lathu linawaitana. Ndikupempha dzina la munthu amene walamula kuti pulogalamu iime, kuti akamufunse."

"Palibe amene walamula," anatero a Shimada.

"Nduna yaikulu yanena kuti sikuifuna?"

"Nduna yaikulu sinanene kanthu za ife."

"Mwaifunsa?"

Anandiyang'ana ngati ndawafunsa ngati anayamba afunsapo mvula chifukwa chimene imagwera. Munalibe mkwiyo m'maso mwawo. Munali kudabwa kwenikweni.

"Munthu safunsa zinthu zotero," anatero.

"Ndiye mukuopa mawu amene sananenedwe, a munthu amene sakukudziwani, amene mwina chaka chamawa sadzakhalaponso. Ndipo olipira ndi awa." Apa ulemu unali utandithera, ndinkalankhula Chijapani cha pamsewu chimene ndinatola m'mafilimu. "Kwathu wotipondereza timamudziwa dzina. Timadziwa nyumba yake. Tikhoza kukaima pageti pake n'kumutukwana. Inu mwatipatsa chiyani choti titukwane?"

"Chiku-san," anatero a Kurokawa, motsitsa kwambiri.

A Shimada anaimirira. Anamanga batani la jekete. Anayang'ana ophunzira mmodzimmodzi, kenako anawerama, msana wowongoka, manja m'mbali, nthawi yaitali moti ena anayamba kusuntha pamipando. Ataweramuka analankhula m'Chingerezi, okha, osadzeranso mwa ine.

"Womasulira wanena zoona. Pulogalamu ya Mlatho wa Anthu yatha. Chaka chino bungwe silitumiza wophunzira aliyense, mwa njira iliyonse. Takulakwirani kwambiri."

Mwa njira iliyonse. Mawu amenewo sankapita kwa Kevin. Ankapita kwa anthu atatu okha pakhondepo odziwa za awiri aja, a Kurokawa, Immaculata ndi ine, ndipo tonse atatu tinawamva. A Kurokawa anatseka maso. Immaculata anatseka buku lake, n'kuliika m'chikwama mosamala, ngati dzira.

Pobwerera m'tauni tinakwera basi imodzi ya bungwe. Kevin anakhala pafupi nane. Pa Ngong Road, magalimoto atathithikana, anandigwira bondo.

"Bro, wachita bwino. Lolemba ndikapempha ntchito yanga yakale asanaipereke kwa wina. Ukanakhala chete ndikanadikira mpaka mwana kubadwa."

Immaculata anali pampando wakutsogolo. Anamva. Sanatembenuke. Titafika ku Ngara anatsika, ine n'kumutsatira mpaka pageti la hositelo.

"Imma."

"Bambo anga ukawauze wekha."

"Ndikawauza. Koma iwe ukanakhala Kevin..."

"Sindine Kevin. Ndine mwana wa amalume ako." Sanakweze mawu. Sanandinyoze, sananditchule mwamuna wake wosauka. "Mwachita zimene mumafuna, achimwene. Pitani bwino."

Chibadwire anali asanandilankhulepo ndi ulemu wotero.

Ndinkayembekezera kuchotsedwa ntchito. Ndinali nditalongedza kale za m'dirowa langa. Koma sabata yotsatira amene analongedza anali a Kurokawa. Analembera ku likulu kuti zimene zinachitika ku Karen zinachitika chifukwa iwo analephera kulangiza wantchito wawo, ndipo akutula pansi udindo. Anatisonkhanitsa atatufe mu ofesi, iwo, a Consolata ndi ine, n'kutipepesa chifukwa cha chisokonezo.

"Koma wolakwa si inu," ndinatero. "Ngati pali wolakwa ndi ine, kapena a Shimada, kapena aja a makampani. Inu ndi amene mumayesetsa."

"Wina ayenera kunyamula," anayankha. "Akanyamula mmodzi, enawo amapitiriza ntchito."

"Ndiye zikonzeka bwanji, ngati wonyamula si amene anagwetsa?"

Anandipatsa dikishonale yawo yaikulu, ya chikuto chong'ambika. "Chijapani chanu cha ku Karen chinali chabwino kwambiri, Chiku-san. Theka loyambalo."

Atatuluka, a Consolata anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Haya. Watula pansi udindo yekha. Palibe utsi, palibe mwala. Omba m'manja."

Amalume ndinawaimbira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa ngati kuno mvula yayamba. Immaculata anabwerera kwathu pa basi, kudzera ku Dar es Salaam ndi Mbeya. Malo ake kuchipatala anali ataperekedwadi. Patapita miyezi anapeza poti azithandizira pachipatala china chaching'ono cha mishoni, chakumapiri, mongodzipereka, akudikira kuti mwina adzamulemba. Mauthenga anga ankawawerenga, osayankha.

Mpaka lero anthu amandifunsa ngati ndikanakhala chete nditadziwa mathero ake. Kevin amati ayi, ndipo mwana wake anamutcha dzina langa lachikhristu, Nicholas. A Consolata amati ndikanatseka pakamwa, awiri n'kupita, chifukwa awiri ndi ochuluka kuposa zero. Ine ndikagona chagada ndimaonabe chanza chija pansi pa tebulo, ndipo magazi amandiwira ngati tsiku lomwelo. Ndikatembenukira kumbali ndimaona buku likulowa m'chikwama.

Chaka chotsatira chisanathe, nduna yaikulu yatsopano ija nayonso inawerama pamaso pa atolankhani. Ndinaonera pafoni, mu matatu, mawu nditatseka. Inabwera ina, ndipo m'mawu ake oyamba inatchula Africa kawiri. Sipanapite nthawi, mkulu watsopano wa ofesi yathu, mnyamata wa nsapato zonyezimira, anandipatsa chikalata choti ndimasulire. Inali pulogalamu yatsopano, yotchedwa Mbewu za Mawa. Miyezi ya chilankhulo ku Nairobi, chaka chimodzi ku Japan, makina a m'chipatala. Ziganizo zina zinali zomwe zija ndinamasulira kale, ndinkangozikumbukira pamtima. Chatsopano chinali chimodzi. Pofuna kuti ioneke kuti si yakale ija, anatsitsa zaka za olembetsa. Immaculata anali atapitirira ndi miyezi yowerengeka.

"Anaika malire amenewa ndani?" ndinafunsa.

Mnyamatayo anakweza mapewa mwaulemu. "Ndi mmene aliyense anaonera kuti n'koyenera."

Ndinatuluka n'kukaima pamasitepe. Ndinaganiza kuti ndi bwino amve kwa ine kusiyana n'kukaziona pa intaneti. Foni inaitana nthawi yaitali, ndipo nditatsala pang'ono kudula, anayankha.

"Chiku, ukufuna chiyani? Ndili m'wodi."

Kumbuyo kwake kunkamveka kulira kwa makina, kaphokoso kobwerezabwereza kochenjeza kuti mpweya watsika, ndi mayi wina akuitana anamwino.

"Pali nkhani ya ku ofesi kuno. Ayambitsanso..."

"Tadikira. Usadule."

Anaika foni penapake polimba. Ndinamva akuuza munthu kuti amunyamule mwanayo, amukhazike tsonga. Ndinamva chitsulo chikugogoda pa chitsulo, kenako chikhatho chikumenya m'mbali mwa makina, kamodzi, kawiri. Kulira kuja kunasiya. Kunayambiranso.

"Pali zilembo za Chijapani apa pa chivundikiro, zofiira," anatero mokweza, ali patali ndi foni. "Zina ndikuzidziwa, koma ziwiri sitinafike pophunzira. Choyamba chili ngati kanyumba kokhala ndi miyendo. Ukundimva?"

"Ndikukumva. Jambula unditumizire."

"Netiweki ya kuno siinyamula zithunzi. Ndizikufotokozera, iwe uzinena."

Ndinakhala pansi pamasitepe paja, chikalata cha Mbewu za Mawa ndinachitembenuza n'kuchiika pabondo, ndipo ndinayamba kujambula kumbuyo kwake kanyumba kokhala ndi miyendo, mzere umodziumodzi, mmene ankanenera.